Misala siyambira pamsika: zimene Dzaleka ikutiphunzitsa

Mvula yoyamba ikagwa m'mapiri a ku Dowa, alimi amathamangira makasu ndi mbewu. Koma pamsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka pali ena amene bingu likangogunda mtima umathamanga, thukuta lili kamukamu, miyendo n'kumafuna kuthawa. M'makutu mwawo phokosolo ndi la mfuti zimene adazimva ku Kivu kapena ku Bujumbura zaka zambiri zapitazo.

Munthu wotereyu savula zovala ndipo satola zinyalala pamsika. Amapereka moni bwinobwino, amapita kutchalitchi, mwinanso ali ndi kaokala kake. Komabe akudwala, ndipo achipatala matenda ake amawadziwa.

Dzaleka ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera ku Lilongwe. Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda padali ndende ya omangidwa pa zifukwa za ndale komanso a Mboni za Yehova. Boma lidasandutsa malowa msasa mu 1994, chaka chimene anthu adaphana koopsa ku Rwanda. Adakonzedwa kuti asunge anthu apakati pa 10,000 ndi 12,000, koma pofika 2023 chiwerengero chidali chitapitirira 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda.

Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati kumadera kumene kwachitika nkhondo, munthu mmodzi mwa asanu alionse amakhala ndi matenda a maganizo. Padziko lonse, m'chaka chomwecho, adali mmodzi mwa asanu ndi atatu. Choncho pamzere wotunga madzi ku Dzaleka odwala salephera kupezekapo, ngakhale palibe amene angawaloze ndi chala.

Nkhondo ndi chiyambi chabe. Chimene chimadya munthu pang'onopang'ono ndi kudikira. Malamulo a dziko lino salola othawa kwawo kukhala kapena kugwira ntchito kunja kwa msasa popanda chilolezo, motero pali ana amene adabadwira pa Dzaleka ndipo lero nawonso ali ndi ana. Mu May 2023 apolisi adayamba kugwira othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni n'kuwabwezera kumsasako. Chaka chomwecho bungwe la WFP lidachepetsa thandizo la chakudya chifukwa cha kusowa kwa ndalama. Bambo amene dzulo adali ndi golosale, lero n'kumadikira thandizo losakwanira mwezi, maganizo angamuleke bwanji?

Koma asatinamize kuti awa ndi mavuto a alendo okha. Mlimi wa ku Mponela amene fodya wake wabwezedwa ku okushoni ngongole ya feteleza ili pakhosi, mayi wamasiye amene achibale a mwamuna amulanda katundu, mtsikana wogwiriridwa amene akuluakulu amuuza kuti asunge chinsinsi, onsewa ali panjira yomweyo. Matenda ena amayenda m'magazi a pamtundu. Ena amabwera chifukwa cha chamba ndi kachasu, kuvulala m'mutu pangozi, malungo ofika ku ubongo kapena kachilombo ka HIV. Nthawi zambiri zifukwa ziwiri kapena zitatu zimakumana mwa munthu mmodzi.

Mawu oti misala timakutira nawo matenda osiyanasiyana. Ofala kwambiri ndi kukhumudwa kopitirira muyeso. Aliyense amakhumudwa, makamaka pamaliro, koma zikatha sabata ziwiri kapena kuposerapo munthu ali ndwii tsiku ndi tsiku, chakudya sachifuna, tulo sapeza, zimene ankazikonda sizikumusangalatsanso ndipo akudziona wachabechabe, amenewo ndi matenda. Amagwiranso amayi amene angobereka kumene, ndipo apongozi amafulumira kunena kuti ndi ulesi.

Vuto la munthu woopa bingu uja madokotala amalitcha PTSD. Zoopsa zimene adaziona zimabwerera m'maloto ngakhalenso masana ali maso, amadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono, ndipo amapewa chilichonse chomukumbutsa, kaya ndi yunifolomu ya msilikali kaya fungo la utsi. Mwana amene ali ndi vutoli amatha kuyambiranso kukodza pogona, kusiya kuyankhula kapena kumenya anzake kusukulu.

Palinso nkhawa yosatha, ndi matenda a bipolar amene amachititsa munthu kukhala masiku angapo osagona, kulongolola ndi kumwaza ndalama, kenako n'kugwa mphwayi kotheratu. Chimene ambiri amachidziwa kuti misala, monga schizophrenia, n'chosafala kwenikweni: munthu amamva mawu amene ena sakuwamva, amakhulupirira kuti akumuthira mankhwala m'nsima, amasiya kusamba. Nachonso chimayamba mwakachetechete, kawirikawiri paunyamata, ndi kudzitsekera m'nyumba ndi kukayikira abale. Khunyu, imene anthu amaisokoneza ndi misala, ndi matenda ena a ubongo, ndipo sipatsirana pogwira wodwala.

Chovuta n'chakuti odwala ambiri sanena kuti maganizo awavuta. Amadandaula mutu, msana kapena kutentha pamtima, n'kumangomwa panado miyezi ndi miyezi. Pakhomo pamene pali munthu wodwaladwala koma kuchipatala sakumupeza ndi malungo, ndi bwino kumufunsa chimene chikumusowetsa tulo. Ndipo wina akayamba kunena kuti kuli bwino angofa, kugawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino, asasiyidwe yekha. Zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo m'munda zichotsedwe pafupi. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo. Ambiri amapepukidwa kuti wina wafunsa.

Mabanja ambiri amayamba kaye kwa asing'anga kapena kumapemphero poganiza kuti m'bale wawo walodzedwa, ndipo amafika kuchipatala wodwala atamumanga kale ndi chingwe, mbuzi zitatha m'khola. Chonsecho thandizo limayambira pachipatala chaching'ono chapafupi, chimene chimatumiza wodwala kuchipatala cha boma monga cha Dowa kapena Ntchisi. Ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, kumapita amene matenda awo akula. Ena amachira ndi uphungu wokha. Amene apatsidwa mankhwala a kukhumudwa adziwe kuti pamatenga sabata zingapo kuti ayambe kumva kusintha, ndipo kusiya okha akangopezako bwino n'kumene kumabweza matenda.

Ku Dzaleka bungwe la Jesuit Refugee Service lakhala likupereka uphungu kwa zaka zambiri, koma kumeneko kuli chopinga china chimene wa ku Mponela sakumana nacho: chiyankhulo. Mayi woyankhula Kirundi kapena Kiswahili akakumana ndi namwino wa Chichewa amafunika womasulira, ndipo pamalo othithikana ngati amenewa womasulirayo akhoza kukhala munthu amene amatunga naye madzi pamjigo umodzi. Zimene zidamuchitikira usiku umene adathawa kwawo sangazinene pamaso pa neba, ndiye amangoti mutu ukumupweteka.