Kusintha Ball Joint ya Pikapu Pakhomo

Pikapu ikayamba kulira kuti gu! gu! kutsogolo pamene ikudutsa m'maenje, madalaivala ambiri amangoti ndi msewu. Nthaŵi zina ndi msewudi. Koma ngati kulirako kukutsagana ndi kutha kwa tayala mbali imodzi, ndipo galimoto ikumazembera kumanzere kapena kumanja chiongolero chili chogwiridwa bwino, mlandu umagwera kachitsulo kamene amakaniko amakatcha ball joint.

Aliyense amene anasendapo mbuzi anaona m'mene mutu wobulungira wa fupa la ntchafu umakhalira m'kadzenje ka fupa la m'chiuno. Ball joint inapangidwa chimodzimodzi: kampira kachitsulo kokhala ndi mchira, kotsekeredwa m'kachikho ka girizi, ndipo pakamwa pa kachikhoko pali labala woletsa fumbi ndi madzi. Mfundo imeneyi ndiyo imalola gudumu kukwera ndi kutsika, kwinaku likukhota. Pikapu zambiri zili nazo zinayi, ziŵiri mbali iliyonse, ina pa mkono wam'mwamba, ina pa mkono wam'munsi. Land Cruiser 79 ili ndi ekiselo imodzi yolimba kutsogolo, kotero zimene zikufotokozedwa pano sizikuikhudza.

Imfa ya ball joint imayambira pa labala uja. Akang'ambika, fumbi la m'chilimwe limaloŵa ndi kusakanizika ndi girizi, matope a m'dzinja nabwera pambuyo pake, ndipo kampira kamadyeka ngati mpeni pa mwala wonolera. Kakachepa kwambiri kamazuka m'chikho, gudumu limapindikira kunsi kwa galimoto, chiongolero osathandizanso. Zoterezi zikachitika pa mtsetse wa Khwekhwelere, pikapu itasenza matumba a chimanga ndi anthu pamwamba pake, luso la dalaivala silikhalanso ndi ntchito.

Munthu asanagule chitsulo chatsopano ayenera kutsimikiza kuti chakalecho chathadi. Galimoto imakwezedwa ndi jeke, ndipo ngati sipuling'i yatsamira pa mkono wam'munsi, jekeyo amaikidwa pansi pa mkono womwewo, pafupi ndi gudumu, kuti mfundo ipume ku katundu wake. Akaikidwa pena, sipuling'i imakoka mfundoyo mwamphamvu, ndipo ngakhale yakutha imaoneka ngati yabwino. Tsono wina amagwira tayala pamwamba ndi pansi ndi kuligwedeza, kapena kulitukula ndi chitsulo chachitali, mnzake akuyang'ana pamfundo. Gudumu likamagwedera, mnzakeyo aponde buleki. Kugwederako kukatha, vuto lili pa bering'i ya gudumu. Kukapitirira, ndi ball joint. Pokagula yatsopano nkofunika kutenga nambala ya chasisi, pakuti pikapu za dzina limodzi sizifanana zitsulo chaka ndi chaka.

Ntchito yeniyeni si yovuta kwa munthu wozoloŵera sipanala. Choopsa chake chili pa zinthu ziŵiri zimene sizioneka ndi maso: kulemera kwa galimoto ndi mphamvu yopanikizidwa mu sipuling'i.

Za kulemera nzodziŵika, ngakhale kuti ndi zomwezo zimene anthu amazinyozera. Malo akhale athyathyathya ndi olimba, buleki yamanja ikokedwe, ndipo matayala akumbuyo atchingidwe. Manati a gudumu amamasulidwa pang'ono galimoto ikadali pansi. Ikakwezedwa, chasisi ikhale pa masitandi achitsulo. Njerwa sizichenjeza zikafuna kusweka, ndipo jeke yekha sayenera kukhulupiriridwa ndi munthu amene mutu wake uli kunsi kwa galimoto. Tayala lochotsedwalo ligonekedwe pansi pa chasisi, kuti zina zikalephera galimoto igwere pa ilo.

Za sipuling'i ndizo zimafuna kufatsa. Hilux zopangidwa kuyambira 2005 zili ndi sipuling'i yopota kutsogolo, pamene pikapu zambiri zakale zili ndi ndodo yachitsulo yopotokola yotchedwa torsion bar, imene mwa zina imagwira mkono wam'munsi, mwa zina wam'mwamba. Mtundu uliwonse umasunga mphamvu yonyamula ngodya yonse ya galimoto, injini ili momwemo, ndipo ball joint ndi imodzi mwa zinthu zimene zimaimanga mphamvuyo. Woimasula mosasamala ali ngati munthu wodula chingwe cha msampha nkhope ili pamphasa pake pa mtengo wokunga. Nchifukwa chake mwini galimoto ayambe waona bwino kuti sipuling'i yatsamira pa mkono uti. Ngati ndi wam'munsi, jeke akhale pansi pake ndi kuunyamula pang'ono mpaka ntchito itatha. Ngati ndi torsion bar ya mkono wam'mwamba, jeke sangathe kuugwira. Ndodoyo imayamba yamasulidwa pa bauti yake yokungira, malo ake akale ataikidwa chizindikiro. Amene sanaonepo ntchito imeneyi ikuchitika achita bwino kuitana makaniko.

Kenaka caliper ya buleki imachotsedwa ndi kupachikidwa ndi waya, osailola kulendeŵera pa paipi yake ya labala. Kapini kopinda kamene kamatseka nati ya ball joint kamazulidwa, natiyo nimasulidwa, koma osaichotseratu. Isiyidwe pa mazinga angapo. Mchira wa ball joint ndi wosongoka pang'ono, ndipo umakanirira m'boo la chitsulo chonyamula gudumu monga mphini ikanirira m'khasu. Ukamasuka umamasuka mwadzidzidzi, ndipo nati yosiyidwayo ndiyo imagwira zonse kuti zisadumphe. Pali chida chake chokankhira mchirawo. Popanda chidacho, nyundo imenye m'mbali mwa chitsulo chimene muli boolo, nyundo ina yolemera itatsamizidwa mbali inayo. Kumenya mchira pamutu kumangoufutukula, nati nikana kutuluka, ndipo ntchito ya m'maŵa umodzi imagona.

Apa pikapu zimasiyana. Ball joint yomangidwa ndi mabauti imachoka mosavuta. Yokhomedwa ndi mariveti imafuna kuboola marivetiwo, ndipo yatsopano imamangidwa ndi mabauti amene imabwera nawo. Koma yopanikizidwa m'kati mwa mkono imafuna makina opanikizira. Kuikhomera ndi nyundo kumakulitsa boo, ndipo yatsopanoyo siigwiranso bwino. Nkwapafupi kuchotsa mkono wonse ndi kupita nawo ku galaja.

Poika yatsopano, boo lipukutidwe ndi kuunikidwa. Likakhala lotambasuka kapena long'aluka, chitsulo chonsecho chatha. Mchira uloŵe wouma, wopanda girizi, pakuti kukanirira kwake ndiko mphamvu yake. Nati imangidwe ndi torque wrench pa mlingo wolembedwa m'buku la galimotoyo. Boo la kapini likapanda kulunjika, nati ipititsidwe patsogolo pang'ono, osaibweza m'mbuyo, ndipo kapini kakhale katsopano. Msomali wopinda, umene umapezeka pa galimoto zambiri zonyamula anthu kumidzi, suyenera kuloŵa m'malo mwake. Ngati mfundoyo ili ndi kabere kothirira girizi, apopedwe mpaka labala atangoyamba kutupa. Wochuluka amang'amba labala yemweyo.

Ball joint ya mbali inayo yayenda misewu yomweyo, kotero nkwanzeru kusintha zonse ziŵiri. Zonse zitabwezedwa, buleki ipondedwe kangapo galimoto isananyamuke. Ulendo woyamba ukhale wa ku galaja yoongola magudumu, chifukwa mfundo yatsopano imasuntha kaimidwe ka gudumu, ndipo kusiyana kochepa kumene diso silingaone kumatha tayala latsopano m'miyezi yoŵerengeka. Galimoto ikayenda makilomita 50, manati a magudumu ayesedwenso ndi sipanala.