Kutalika kwa Kavalo wa ku Arabia ndi Mtengo Wake

M'chaka cha 1878, Wilfrid Blunt ndi mkazi wake, Lady Anne, anakhazika khola la akavalo pa Crabbet Park, ku Sussex m'dziko la England. Akavalo oyamba anakawagula okha ku Syria, ndipo ambiri anali ochokera kwa mafuko oyendayenda a m'chipululu. Zinali nyama zazifupi ndithu, koma zokhoza kusenza munthu ulendo wa tsiku lathunthu popanda kutsimphina.

Kavalo amamuyesa kuchokera pansi kufika pamapewa, pamene khosi limakumana ndi msana. Wa mtundu wa ku Arabia amakhala wa masentimita pakati pa 145 ndi 155. Msinkhu umenewu ogula ambiri a ku Ulaya ndi America amauwona wochepa, pakuti anazoloŵera akavalo ampikisano otchedwa Thoroughbred, amene kaŵirikaŵiri amapyola masentimita 160. Tsono popeza mtengo umatsata chofuna cha wogula, oŵeta amayesedwa kukweretsa nyama zazitali zokhazokha.

Lady Wentworth, mwana wa Blunt, amene anatenga kholalo mu 1920, anali mmodzi wa okonda akavalo aatali. Chodabwitsa nchakuti mphongo imene inakweza mbiri ya khola lake, Skowronek wobadwira ku Poland, inali yaifupi. Mwana wake Raffles, amene anapita ku America mu 1932, anangofika masentimita 140, koma magazi ake ali m'makola ochuluka mpaka lero.

Vuto la kutalika nla masamu, ndipo Galileo analifotokoza kalekale mu 1638. Nyama ikakula mbali zonse ndi gawo limodzi mwa magawo 10, kulemera kwake kumakwera ndi magawo 33 pa 100, pamene kunenepa kwa fupa losenza kulemerako kumakwera ndi magawo 21 okha. Katundu amakula msanga kuposa mzati womuchirikiza. Mwana wa sukulu angathe kutsimikiza zimenezi pa sileti.

Komatu nthaŵi zambiri kavalo wosankhidwa chifukwa cha msinkhu sakula mbali zonse mofanana. Masentimita owonjezerawo amapezeka m'miyendo, makamaka m'fupa la pansi pa bondo. Kumeneko kulibe mnofu. Kuli fupa, khungu ndi mitsempha basi. Fupalo likatalika popanda kunenepa, mitsempha ya kumbuyo kwake imakokedwa kopyola muyeso pa phazi lililonse, ndipo ikang'ambika imatenga miyezi yambiri kuti ipole. Chiboda chikatsala chaching'ono pansi pa thupi lalikulu, mavuto amaŵirikiza. Msana nawo umataya mwayi wake: akavalo ena a ku Arabia ali ndi nthiti 17 mbali iliyonse m'malo mwa 18, ndipo msana wawo waufupi ndiwo umawathandiza kusenza munthu wolemera.

Palinso oŵeta osaleza mtima amene amakhutitsa ana a akavalo chakudya chambewu kuti akule msanga asanapite kumsika. Kukula kothamanga koteroko kumathandizira matenda a m'mfundo, pamene chichereŵechereŵe chimalephera kusanduka fupa bwinobwino. Wogula amawona msinkhu lero, kutupa kwa mfundo adzakuwona mtsogolo.

Sikuti kavalo aliyense wamtali ngwofooka. Wamtali wokhala ndi fupa lonenepa ndi ziboda zazikulu amagwira ntchito bwino lomwe. Cholakwa ndi kusankha msinkhu wokha, zina zonse nkuziiŵala.

Mayeso enieni amachitikira ku California, pa mpikisano wa Tevis Cup umene unayamba mu 1955. Akavalo amayenda makilomita 160 m'mapiri a Sierra Nevada pa maola osapyola 24, ndipo opambana ambiri akhala a mtundu wa ku Arabia. M'njira monsemo madokotala a ziŵeto amamvetsera kugunda kwa mtima ndi kupenyetsetsa mayendedwe a kavalo aliyense. Wotsimphina amamuchotsa pomwepo, ndipo palibe amene amatulutsa chingwe choyesera msinkhu.