Mitengo yapakhomo isafe mvula isanabwere

Alimi anzanga, chaka chilichonse kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo dziko lino limakhala m'nyengo yobzala mitengo. Ambiri a inu munabzala mango, mapapaya, magwafa kapena mapeyala pakhomo. Nanga ndi ingati imene ifike mvula ikubwerayi ili moyo? Mtengo waung'ono sufa kawirikawiri m'dzinja. Umafa mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa likafika poswa mtengo, mbuzi zili pa mtayo, moto wolusa uli ponseponse.

Kuno ku Ntcheu chilimwe sichiwawa mofanana. Kumtunda, monga ku Tsangano ndi Lizulu, kumazizirako ndipo nthaka imachedwa kuuma. Koma kuchigwa cha Bwanje, madera a Sharpevale ndi Bilira, nthaka imauma msanga. Madzi nawonso si osewera nawo, ndipo amene amamwa a m'damu la Mpira akukumbukira mmene linaphwera mu 2018. Choncho nkhani yagona posunga chinyontho chochepa chimene tili nacho.

Musatenthe zinyalala

M'mawa uliwonse timasesa pabwalo, kuunjika masamba n'kuyatsa moto. Pamenepo tikutentha chofunda cha nthaka. Sesani ndithu pafupi ndi khoma ndi nkhokwe kuti njoka ndi makoswe zisapeze pobisala, koma masambawo apite patsinde la mitengo. Yambani mwakonza beseni lozungulira mtengo, lotambalala pafupifupi mita imodzi. Kenaka phimbirani ndi masamba, udzu wouma kapena mapesi oduladula, mulu wake ukhuthale masentimita 5 mpaka 10. Zophimbirazo zisakhudze thunthu. Siyani mpata wonga chikhatho kuti chiswe chisakwere mosavuta komanso khungwa lisaole. Masamba otsala atayeni m'dzenje la manyowa pamodzi ndi phulusa ndi ndowe, adzakuthandizani kudimba. Mapepala apulasitiki okha ndiwo muwapatule.

Thirirani mokhutitsa, osati mowaza

Kakapu kamadzi tsiku ndi tsiku kamangonyowetsa pamwamba, mizu n'kumayenda chapamwamba pomwepo pamene dzuwa likuotcha. Mtengo wobzalidwa chaka chino upatseni ndowa imodzi ya malita 20 kawiri pa sabata, mbandakucha kapena dzuwa litapendeka. Pa dothi lamchenga, gawani madziwo katatu. Musanathirire, pisani chala pansi pa zophimbira: ngati pali ponyowa, dikirani tsiku lina.

Ngati mjigo uli kutali, madzi otsukira mbale, osambira ndi otsukuluzira zovala asatayike pabwalo. Athireni ku nthochi, mapapaya ndi mitengo ina. Musawathire pa ndiwo zamasamba kapena tomato wodya wosaphika, ndiponso pewani madzi amene muli mankhwala oyeretsera zovala kapena otsukira matewera. Njira ina ndi kuboola timabowo kunsi kwa botolo la malita awiri kapena asanu, kulikwirira pambali pa mtengo n'kumalidzaza. Madzi amatsika pang'onopang'ono mpaka kumizu.

Fetereza dikirani nayeni. Kumuthira panthaka youma n'kuotcha mizu komanso kutaya ndalama. Kusadzira kwambiri nthambi nthawi ino nakonso kumasiya thunthu padzuwa. Chotsani zouma ndi zodwala zokha.

Kapinga akafiira sanafe

Kapinga wapabwalo akauma m'chilimwe amakhala akugona chabe, mizu yake ili moyo pansi. Musamupale ndi khasu, musamutenthe, ndipo musamutchetche mpaka kudothi. Musatayirenso madzi ochepawo pofuna kuti abiriwire, perekani ku mitengo. Mvula ikagwa adzaphuka yekha. Bwalo lopalidwa mbee ndi limene limauluka ngati fumbi, ndipo mvula yoyamba imalikokolola mpaka maziko a nyumba kuonekera. Ngati muli ndi mzere wa vetiva m'malire, uduleni mpaka chapabondo ndipo masambawo mukaphimbire mitengo.

Mbuzi ndi moto

Mbuzi imodzi imatha kuononga m'mphindi zochepa mtengo umene mwausamalira miyezi 9. Tchingani mtengo uliwonse ndi minga, nsungwi kapena njerwa zosanja mosiya mipata kuti mphepo izidutsa. Mpandawo uzitalika kuposa pamene mbuzi ingafike itaimirira ndi miyendo yakumbuyo. Kambiranani ndi a mfumu anu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi za malamulo a ziweto zolekerera.

Lambulani udzu mozungulira malo anu, makamaka kumbali yoyang'ana kutchire, kuti moto wa osaka mbewa ukafika uthere pomwepo. Phulusa la kukhitchini lizizire kaye lisanatayidwe pafupi ndi zophimbira zouma.

Pomaliza, chizimalupsa chisakunamizeni. Mvula imeneyi imangozimitsa fumbi, kenaka dzuwa limabwerera ndi ukali. Pitirizani kuthirira mpaka mvula yobzalira itakhazikika. Lero lomwe zungulirani pakhomo, werengani mitengo imene ikadali moyo, ndipo yambani ndi yaing'ono kwambiri. Mukaona masamba akupiringizika kapena tizilombo tachilendo, onanani ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lanu mtengo usanaume.