CHIFUKWA CHIYANI NJANJI INALAMBALALA ZOMBA NDI CHIGAWO CHA KUMPOTO?

Ife a kuno ku chigwa cha Domasi tikafuna kuona sitima ya pamtunda timapita ku Liwonde. Komatu Zomba linali likulu la dziko lino mpaka 1975. Nanga zinatheka bwanji kuti njanji ilambalale likulu? Nanga bwanji kumpoto konse kulibe njanji? Yankho limene ndapeza m'mabuku a mbiri ndi lakuti njanji yathu inkalondola katundu, osati anthu.

Kale katundu wa azungu ankabwera pa sitima za pamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire. Kuchokera kumtsinje, makolo athu ndiwo ankasenza katunduyo pamutu kukwera naye mapiri mpaka ku Blantyre. Ntchito imeneyi inkatchedwa mtengatenga. Madzi a Shire atayamba kuchepa, eni minda ya khofi, thonje ndi fodya anafuna njira ina. Kampani ya Shire Highlands Railway inayala njanji kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo ndi Luchenza, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Sinali ntchito yamasewera ayi, pakuti kuchoka ku Chiromo kufika ku Limbe sitima imakwera mtunda wa mamita oposa 1,000. Njanjiyi inathera kumene kunali minda ndi masitolo. Ku Zomba kunali maofesi a boma, ndipo mapepala a m'maofesi sadzaza bogi.

Mu 1935 anatsegula mlatho wa Dona Ana pa Zambezi, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, ndipo sitima inayamba kuyenda kuchoka ku Blantyre mpaka kudoko la Beira. Koma walira mvula walira matope: njanji za ku Beira zinasiya ngongole yaikulu imene inalemetsa Nyasaland zaka zambiri. M'chaka chomwecho njanji inafika ku Salima kudzera ku Utale, Balaka, Mtakataka ndi Chipoka. Apanso inatsata malo athyathyathya a kumadzulo kwa phiri la Zomba, ife n'kutsala kuseri.

Kumpoto zinthu zinali zovutirapo. Mapiri a Viphya ndi Nyika ndi aatali, ndipo m'malo ambiri amatsetserekera m'nyanja momwe. Sitima sikwera chitunda ngati galimoto. Imafuna njira yokwera pang'onopang'ono, milatho yambiri ndi ndalama zankhaninkhani. Atsamunda anaona kuti kumeneko kunalibe katundu wokwanira kubweza ndalamazo. M'malo mwake nyanja ndiyo inasanduka njanji ya kumpoto. Sitima ya Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera ili zidutswazidutswa, ndipo atailumikiza ku Monkey Bay inayamba ulendo mu 1951. Inkayendetsedwa ndi kampani ya njanji yomweyo, ndipo pa Chipoka ndi pamene sitima ya pamtunda ndi ya pamadzi zinkapatsirana katundu.

Titalandira ufulu, njanji inasendera kufupi ndi ife. Mu 1970 anatsegula njanji ya makilomita 101 yochoka pa Nkaya, kuwoloka Shire pa Liwonde, mpaka ku Nayuchi m'malire a Mozambique, yopita kudoko la Nacala. Ndi thandizo la dziko la Canada, ina inachoka ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979, ndipo kenaka inapitirira mpaka ku Mchinji.

Ubwino wa njanji tinaudziwa itasowa. M'zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inatseka njira zonse ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala. Feteleza, mafuta ndi katundu wina zinayamba kuzungulira pa malole kuchokera ku Durban, ndipo mitengo ya zinthu inakwera mpaka m'midzi. Boma linatembenukira kumpoto: katundu wina ankabwera pa njanji ya TAZARA kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Mbeya, n'kulowa m'dziko muno pa msewu wa ku Karonga. Chigawo chimene njanji inachinyalanyaza ndicho chinakhala khomo lopulumukira. Kumwera nako, madzi osefukira anadula njanji pafupi ndi Chiromo mu 1997.

Masiku ano sitima zazitali zedi zimadutsa pa Liwonde. Zimanyamula malasha ochokera ku Moatize m'chigawo cha Tete, pa njanji imene kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga kudzera ku Mwanza ndi Neno kufika pa Nkaya. Ndiye kuti mwambo uja sunasinthe: njanji ikulondolabe katundu.

Anzanga, ena mwa ife tidzatumikira kumadera akutali kumene mlimi amagula feteleza pamtengo wokwera, koma mbewu zake amagulitsa motchipa chifukwa cha mayendedwe. Kuona kwanga n'kwakuti njanji yatsopano ikadzakonzedwa, funso loyamba lisadzakhale la malasha okha. Tidzafunsenso za mpunga wa ku Karonga ndi wa ku Domasi, ndiponso za anthu amene amaulima.