Nsalu Zomanga ndi Kunyika: Zathu za Kunyanja ndi za Anzathu Akutali

Woyenda mumsewu wochoka pa Mangochi boma kulowera ku Monkey Bay sangalephere kuona luso la manja a anthu a kuno. M'mbali mwa msewu mwandandalikidwa mikeka, zipewa ndi madengu a mlaza, ena olukidwa ndi timizere tofiira ndi tobiriwira. Ukakhotera ku Cape Maclear n'kufika m'mudzi wa Chembe, pakati pa ziboliboli ndi mikanda umapezanso nsalu, madiresi ndi matisheti onyikidwa mu utoto, amene tonse timangowatchula kuti tie and dye. Ntchito imeneyi ndimaikonda, ndipo n'chifukwa chake imandiwawa mtima. Timaigwira mothamanga, maluwa ake ambiri ndi obwereka, ndipo palibe duwa ndi limodzi lomwe limene munthu angaliloze n'kunena kuti ili ndiye la ku Mangochi.

Tiyambe taona mmene zimachitikira kuseri kwa nyumba. Mayi wodziwa ntchito amayamba wachapa nsalu kuti sitachi ya kufakitale ichoke, poti utoto sulowa bwino pa nsalu youma gwa ndi sitachi. Ikadali yonyowa pang'ono amaiyala pamkeka. Akafuna mizere, amaipinda uku ndi uku m'mapindo ang'onoang'ono mpaka isanduke chingwe chonenepa, kenaka n'kuimanga ndi mphira zodula ku chubu cha njinga, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa mfundo ndi mfundo. Akafuna mawanga ozungulira, amaika kamwala, njere ya chimanga kapena chitsekerero cha botolo kunsi kwa nsalu, n'kukulunga ulusi pakhosi pake mwamphamvu mpaka zala kuchita dzanzi. Tsiku limene wachulukidwa amangoikwinya nsaluyo mwachisawawa, kuimanga ngati mpira, n'kuiviika. Pomwe pamangidwa utoto sufika, ndipo luso lonse lagona pamenepo. Mfundo ikakhwefuka pang'ono pokha, utoto umalowerera, duwa n'kufafanizika.

M'beseni amathiramo madzi otentha, ufa wa utoto, kositiki soda ndi mankhwala a hydrosulphite, aja a fungo lotsamwitsa. Utoto wa mtundu umenewu pawokha susungunuka m'madzi. Mankhwala awiriwa ndiwo amausungunula kuti ulowe mkati mwenimweni mwa ulusi wa thonje. Apa mpamene pali chodabwitsa chimene ana oonerera sachitopera. Nsalu yoti ikhale yabuluu imavuuka m'beseni ili yachikasu mobiriwirira, koma ikangoombedwa ndi mphepo imayamba kusintha iwe ukuona, mpaka buluu uja kutulukira. Mpweya ndiwo umabwezera utoto ku chikhalidwe chake chosasungunuka, n'kuutsekera mu ulusi. Wofulumira kutsukuluza mpweya usanamalize ntchito yake amataya utoto ndi ndalama zomwe.

Tisheti ya mkombero wozungulira wa mitundumitundu, imene imakolekedwa kutsogolo kuti ikope alendo, kwawo ndi ku America. Inatchuka pakati pa achinyamata a m'zaka za m'ma 1960, makamaka cha m'nthawi ya phwando la nyimbo la Woodstock mu 1969. Kapangidwe kake n'kosavuta: umatsina pakati pa tisheti, kupotokola mpaka yonse izungulire n'kukhala yathyathyathya, kuimanga, n'kudontheza utoto wosiyanasiyana kuchokera m'mabotolo. Chimene chinadzaipatsa kuwala kwake ndi utoto wa Procion, umene kampani ya ICI ya ku Britain inatulutsa mu 1956. Utoto umenewu sulira madzi otentha. Umagwirana ndi thonje mothandizidwa ndi soda, nsalu itakulungidwa mu pulasitiki usiku wonse. Palibe cholakwa kupanga tisheti yotere. Koma mlendo wochokera ku Germany kapena ku Johannesburg akhoza kuigula kulikonse padziko lapansi, ndiye akafika pa Chembe amanenerera mtengo mpaka wogulitsa kutsala ndi ya mchere yokha.

Pali vuto linanso. Matisheti oyera ambiri amachokera pa kaunjika, ndipo ochuluka ndi osakaniza ndi poliyesita, amene salandira utoto wa thonje. Ukachapa kawiri, tisheti yasuluka. Odziwa amasolola kaulusi n'kukayatsa ndi machesi: thonje limanunkha ngati pepala lopsa n'kusiya phulusa lofewa, pamene poliyesita amasungunuka n'kuuma kukhala kambulu kolimba.

Mudzi umene umandichititsa kuganizira kwambiri za kwathu kuno ndi Arimatsu, umene lero uli mbali ya mzinda wa Nagoya ku Japan. Unakhazikitsidwa mu 1608 m'mbali mwa msewu waukulu wa Tokaido, pamalo pomwe ulimi wa mpunga sunkayenda bwino. Mmodzi mwa oyamba kukhalapo, Takeda Shokuro, anayamba kumanga ndi kunyika tinsalu ta thonje topukutira thukuta n'kumagulitsa kwa apaulendo. Chiyambi chake n'chimenecho basi: anthu osauka, msewu wodutsa alendo, ndi kansalu kotchipa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo sanakhutire ndi duwa limodzi. Anatulukira njira zambirimbiri, iliyonse ndi dzina lake. Pa arashi, nsalu amaikulunga mopingasa pamtengo wautali, kuizenga ndi ulusi, n'kuikankhira kumapeto kuti ichite makwinya othinana. Ikamasulidwa imaonetsa timizere topendekeka ta mvula yamkuntho. Pa itajime, amaipinda mwaukhondo m'makona atatu kapena anayi, n'kuipana pakati pa timatabwa tiwiri kuti utoto ungofika m'mphepete. Pa kumo, amatsina nsalu n'kuzenga ulusi kuchokera patsinde mpaka kunsonga, duwa lake n'kutuluka ngati ukonde wa kangaude. Mmisiri mmodzi nthawi zambiri amakhala pa njira imodzi moyo wake wonse, womanga wina, wonyika wina, womasula wina. Akuluakulu olamulira chigawo cha Owari anaiteteza ntchitoyi kuti ena asaichite mwachisawawa, ndipo mpaka lero mwezi wa Juni uliwonse anthu amakhamukira ku Arimatsu kukaona nsalu zimenezi. Akulu athu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kudekha kwa ku Arimatsu kunatheka chifukwa wogula ankalipira nthawi ya mmisiri, osati mtengo wa nsalu ndi utoto wokha.

Ku India kudekhako kumafika pochititsa mantha. M'chigawo cha Kutch ndi mumzinda wa Jamnagar ku Gujarat, komanso ku Rajasthan, amapanga bandhani: amayi amatsina kansalu kakang'ono kwambiri ndi chikhadabo, kukulunga ulusi, kusunthira pena, kutsinanso, mpaka mpango umodzi kukhala ndi timfundo zikwizikwi. Mabanja a Akhatri a ku Kutch, ambiri a iwo Asilamu, akhala pa ntchito yonyika kwa mibadwo yambiri. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti nthawi zambiri mpango amaugulitsa ulusi usanamasulidwe, kapena makwinya ake asanasitidwe, kuti wogula atsimikize yekha kuti ndi ntchito ya zala osati yodinda ndi makina. Dera limeneli si lachilendo kwa ife. Amwenye ambiri a masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe makolo awo anachokera ku Gujarat komweko, ndipo kale kwambiri, Harry Johnston asanamange Fort Johnston, chiyambi cha Mangochi boma, mu 1891, amalonda a Chiyao a m'madera a Mponda, Makanjira ndi Jalasi ankabwera kuchokera ku Kilwa ndi madoko ena atasenza nsalu za ku India zonyikidwa mu utoto wa indigo, zimene anthu a kugombe ankazitcha kaniki. Agogo athu ankalemekeza nsalu yakuda ya biriwita. Diso lokonda buluu wozama tinali nalo kuyambira kalekale. Chimene sichinakhazikike kuno ndi mphika wake wonyikira.

Anzathu a ku West Africa ndiwo anali ndi mphikawo. Maenje onyikira a Kofar Mata mumzinda wa Kano akuti anayamba mu 1498, ndipo mpaka pano amuna amakhala m'mphepete mwake akuviika ndi kuvuula nsalu m'madzi a indigo osakaniza ndi phulusa, amene amasiyidwa kuti awire okha kwa masiku ambiri. Ku Sierra Leone kuli gara, wophatikiza indigo ndi utoto wa mtedza wa kola. Koma mzinda woti tiphunzireko zambiri ndi Abeokuta, kwa Ayoruba a ku Nigeria, kumene msika wa Itoku umadzaza ndi nsalu za adire. Kumeneko amamanga ndi luzi la rafiya, amasoka ndi singano n'kukoka ulusi, ndiponso amajambula maluwa ndi phala la chinangwa pogwiritsa ntchito nthenga ya nkhuku, phalalo n'kutchinga utoto. Taganizani, chinangwa chomwechi chimene tili nacho mbwee m'mbali mwa nyanja! Maluwa awo ali ndi mayina, monga Ibadandun ndi Olokun, moti mayi amapita kumsika akudziwa dzina la chimene akufuna, ndipo mwana amalandira dzinalo kwa amake pamodzi ndi kamangidwe kake.

Mbiri ya Abeokuta ili ndi chenjezo lake. M'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, kositiki soda ndi utoto wa kufakitale zitafika, ntchito inafulumira ndipo onyika anachuluka, koma ogula anayamba kudandaula kuti nsalu zikusuluka ndi kufumbwa msanga. Mfumu ya mzindawo, Alake, inaletsa mankhwalawo; amayi onyika anakana chiletsocho mwamphamvu poti chinkawadyera phindu. Mkangano umenewo ndi wathunso lero. Kositiki akachuluka amadya ulusi, ndipo amadyanso khungu: ndaonapo zala za mayi wonyika zitang'ambikang'ambika chifukwa magolovesi anabooka, iye n'kumapitiriza ndi majumbo omanga m'manja. Nanga madzi otsala m'beseni amapita kuti? Nyanja imene ili pa Chembe yagundana ndi Lake Malawi National Park, yokhazikitsidwa mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984 chifukwa cha nsomba zake za mbuna. M'madzi omwewo ana amasamba ndipo amayi amatsukamo mbale. Dzenje lakuya lokumbidwa kutali ndi gombe ndi chitsime, lotayamo madzi a utoto, silidula ndalama, ndipo gulu lililonse lonyika liyenera kukhala nalo lisanagule n'komwe paketi yoyamba ya utoto.

Sindikhulupirira kuti a ku Arimatsu kapena ku Kutch anabadwa ndi zala zoposa zathu. Pitani padoko la Malindi kapena la Msaka masana, muone msodzi atatambalala pamchenga, ukonde ataukola kuchala chachikulu cha kuphazi, akusoka maso a chilimira ofanana ndendende popanda choyezera china koma diso ndi chala. Onani mayi woluka mkeka mmene amawerengera timizere ta mlaza tonyikidwa kuti duwa likumane bwino pakati. Zala zimenezi zikhoza kumanga timfundo mazana pa mpango umodzi. Ndipo zoti tijambule zatizungulira: mizere yabuluu ndi yakuda ya mbuna, mamba a chambo, mafunde a mwera mu Julayi, nyali za asodzi a usipa zitandandalika panyanja usiku, masamba a mgwalangwa. Njira ya arashi, pogwiritsa ntchito paipi ya pulasitiki m'malo mwa mtengo, ikhoza kutulutsa mafunde a mwera mosavuta. Kusoka ndi kukoka ulusi kukhoza kutulutsa mamba a chambo. Duwa likapatsidwa dzina ndipo gulu limodzi likalibwereza mpaka kulidziwa bwino, wogula amabwerera kudzafuna lomwelo, ndipo mtengo wake sautsitsa mwachibwana.

Nsalu yoyera ya thonje lenileni ndiyo imasowa, ngakhale thonje timalima ku Balaka, ku Salima, ku Chikwawa ndi kuno ku Mangochi komwe. Lambiri limatuluka m'dziko litangochotsedwa njere, ndipo fakitale ya Mapeto David Whitehead ku Blantyre imalimbana ndi zitenje zotchipa zochokera kunja. A ku Abeokuta nawonso akulira ndi adire wabodza wodindidwa ku China. Boma litakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu 2016, ogwira ntchito m'maofesi anayamba kuvala zachikuda Lachisanu, koma zambiri mwa zitenje zimene telala amasoka pa tsikulo zinadindidwa kunja. Malaya a nsalu yomangidwa ndi kunyikidwa ku Namwera kapena ku Monkey Bay ndiwo akanayenerana ndi cholinga cha ndondomekoyo.

Alendo a kunja amabwera nyengo yachilimwe n'kupita. Ogula okhalitsa ndi makwaya, magulu a banki m'khonde, amayi a dawa, makomiti a ukwati ndi malo ogona alendo ofuna makatani ndi nsalu za patebulo. Amenewa amafuna nsalu makumi atatu zofanana, ndipo apa mpamene magulu athu ambiri amagwera, chifukwa utoto amathira mongoyerekeza. Sikelo yaing'ono ya kukhitchini, kope lolembamo magalamu a utoto, a soda ndi malita a madzi pa mita iliyonse ya nsalu, ndi kachidutswa kachitsanzo kosokerera patsamba lomwelo, n'zokwanira kuti nsalu yomaliza ifanane ndi yoyamba.