MLAMBA NDI NDIYO YABWINO, KOMA UFUNA CISAMALIRO

Mlamba ndi nsomba imene ipezeka kwambiri m'mitsinje ya Luangwa, Kafue ndi Zambezi, ndiponso m'madamu. Ulibe mamba, uli ndi ndevu 8 kukamwa, ndipo m'mutu mwake muli ciwalo copumira mpweya. Ndiye cifukwa cake ukhalabe wamoyo m'matope madzi akaphwa. Wouma ugulitsidwa pa mlatho wa Luangwa ndi m'misika ya m'makomboni.

Nsomba imeneyi ndi cakudya comanga thupi, monga nyama, mazira ndi nyemba. Popeza ilibe minga yambiri ing'onoing'ono, mayi angathe kusinja mnofu wake wophika ndi kuuthira m'phala la mwana amene wakwanitsa miyezi 6. Mayi wapakati ndi munthu amene wangocira nawonso apindula nayo.

Pali anthu amene akhulupirira kuti kudya mlamba kubweretsa khate. Zimenezi si zoona. Khate libwera ndi kacilombo kamene Dr Armauer Hansen wa ku Norway anatulukira mu 1873. Kamafala m'mpweya wa m'mphuno ndi m'kamwa, pokhala nthawi yaitali ndi wodwala amene sanayambe mankhwala. Khate licira ndi mankhwala a miyezi 6 kapena 12. Likodzo nalonso silicokera m'nsomba. Tizilombo take ticokera mu nkhono za m'madzi ndipo tilowa pakhungu pamene munthu asamba, acapa kapena kuwedza.

Ngozi yeniyeni ili pa kasamalidwe. Coyamba, mlamba uli ndi munga wolimba ku cipsepse ca mbali iliyonse. Munthu akalasidwa atsuke bala ndi sopo, ndipo aviike dzanja m'madzi otentha koma osawaula kwa mphindi 30 kuti ululu ucepe. Ngati munga wathyokera m'kati, kapena bala latupa ndi kucita mafinya, apite msanga ku kiliniki. Kumeneko adzaonanso ngati afunika jekeseni ya kafumbata. Ndowe, dothi kapena phulusa siziyenera kupakidwa pa bala.

Caciwiri, nsomba yaiwisi siicedwa kuonongeka, makamaka mu Okutobala. Wogula asankhe ya mnofu wolimba ndi yosanunkha. Nsomba ya zilonda, kapena yopezeka itafa kale m'madzi, isadyedwe. Akafika kunyumba acotse matumbo, atsuke ndi madzi abwino, ndi kuphika tsiku lomwelo mpaka ipse ndi m'kati momwe. Mpeni, mbale ndi manja zitsukidwe ndi sopo asanagwire cakudya cina.

Cacitatu, mlamba wouma wa nkhungu, wa mphutsi kapena wonunkha mankhwala ophera tizilombo usagulidwe, ngakhale utsike mtengo. Ndiyo yotsala ibvundikiridwe kuopa nchenche, ndipo iwiritsidwenso pa mbaula isanadyedwe. Zimenezi ndi zofunika kwambiri m'nyengo ya dzinja, pamene kolera ibvuta m'makomboni monga zinacitikira ku Lusaka mu 2018 ndi mu 2024.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza, apatsidwe madzi a ORS pafupipafupi. Mwana amene maso alowa m'kati, amene akana kuyamwa kapena amene cimbudzi cake cili ndi magazi atengedwe ku cipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.