Nyumba yobwera pa lole

Ku Sweden, kampani ya BoKlok, yomwe Skanska ndi IKEA anayambitsa mu 1996, inazolowetsa anthu kuona nyumba ikubwera pa lole. Chipinda chilichonse chimakhomedwa m'fakitale, pansi pa denga, pomwe mvula siimitsa ntchito. Pochoka kumeneko chimakhala kuti chatha: mawindo aikidwa, mawaya amagetsi ndi mapaipi amadzi ali kale m'makoma. Pamalo omangapo pamakhala maziko okha. Makina amachinyamula n'kuchikhazika bwinobwino, kenako amisiri amachilumikiza ndi chinzake.

Phindu lake lenileni lili pa zinyalala. Tabwa lililonse limadulidwa pa muyeso wodziwika kale, ndipo zotsala zimakalowa m'nyumba yotsatira. Yendani pamene akumanga nyumba kwathu kuno muone matope a simenti oumira pansi ndi mulu wa zidutswa za njerwa. Zonsezo mwininyumba analipira.

Ambiri ku Sweden amamangira matabwa. M'zaka za m'ma 1990, ku Austria ndi ku Germany anakonza njira yomata matabwa ndi guluu, mzere wina choongoka, wina chopingasa, mizere itatu, isanu kapena isanu ndi iwiri, mpaka kukhala khoma losenza nyumba yosanja. Mtengo umasunga mpweya woipa umene unayamwa ukukula, pamene kupanga simenti kumatulutsa pafupifupi 8 peresenti ya mpweya wotere padziko lonse. Komatu iwo akadula amabzala. Ife tikaganiza za paini wa ku Chikangawa, mutu umawerama. Ndiye pali chiswe, chomwe anzathu a ku Sweden sachidziwa n'komwe.

Fakitale nayo ili ndi vuto lake: imafuna maoda osalekeza. Ku Britain, kampani ya Ilke Homes inagwa mu 2023, ndipo chaka chomwecho Legal & General inasiya kupanga nyumba zoterezi.

Kuno nkhondo yathu ndi ya uvuni wa njerwa, umene umameza mitengo ikuluikulu. Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zake ndi pa nyumba zamalonda. Kampani ya 14Trees inabweretsa makina otsira konkire mzeremzere motsogozedwa ndi kompyuta, ndipo mu 2021 ku Salima kunatsegulidwa sukulu yomwe makoma ake anatha m'maola 18. N'zogometsa, inde, koma simenti yake ndi yomweyo, ndipo makinawo si oti mmisiri wa ku Mchesi angawagule.

Ine mtima wanga uli pa njerwa zosaotcha. Amasefa dothi, kulisakaniza ndi mchenga ndi kasimenti pang'ono, n'kulidinda mwamphamvu m'chikombole chachitsulo. Njerwayo imatuluka ya makona akuthwa. Amaiphimba n'kumaithirira madzi kwa masabata angapo, nkhuni osaotcha n'chikuni chimodzi chomwe. Zina zimakhala ndi mano olowerana, moti matope omangira amafunika ochepa.

Chipinda chathunthu pa lole sichingadutse timilatho ta kumudzi nthawi ya dzinja. Zimene zingadutse ndi zidutswa: njerwa za msinkhu umodzi, mafelemu a zitseko ndi mawindo, mitanda ya denga yokhomeratu. Chofunika n'chakuti wowotcherera mafelemu, kalipentala ndi woumba njerwa agwirizane muyeso umodzi, kuti felemu ikafika ilowe pamalo pake popanda kugumula khoma.